Zala za a Kenani

A Willie Kenani anafika ku Bolton mu 2003, kutsatira akazi awo a Constance amene anali atapeza ntchito yaunamwino pachipatala. Kwathu anagwira ntchito zaka makumi awiri kupolisi ku Zomba, m'chipinda chosungira ndi kukonzera mfuti, koma ku England palibe anafunsa zimenezo. Zaka ziwiri zoyamba ankakolopa m'maofesi. Kenako mnzawo wa kutchalitchi anawalondolera ku kafakitale kopanga masipuling'i, m'chinyumba chakale cha njerwa zofiira momwe kale ankawombamo nsalu.

Kafakitaleko kankapanga masipuling'i a zitseko, a makina ochapira, ndi ena aatali kuposa chala olowa m'mfuti zing'onozing'ono za m'manja. Sipuling'i yotereyi ndi imene imabwezera chitsulo cha pamwamba pa mfuti m'malo mwake chipolopolo chikatuluka. Poti anthu wamba ku England analetsedwa kusunga mfuti zamtunduwu, masipuling'iwa ankatumizidwa kunja, kwa anthu owombera pamipikisano.

Analipo a mitundu itatu: fotini, sikisitini ndi eyitini. Mwini fakitale, mzungu wachikulire dzina lake Thompson, ankati nambalazo ndi kulemera kwake, koma sikunali kulemera kwa pasikelo. Kunali kulimba kwake ukaifinya. Ukaika yofewa pofunika yolimba, mfuti imadzimenya yokha mpaka kuwonongeka. Ukaika yolimba kwambiri, imakakamira. Ndi maso, onse ankafanana. N'chifukwa chake asanalowe m'timatumba ankadonthezedwa penti kunsonga: yofiira fotini, yachikasu sikisitini, yabuluu eyitini. Imeneyi ndiyo ntchito imene a Kenani anapatsidwa.

Panali kamakina koyezera kulimbako, koma kankayeza imodziimodzi, mochedwa. Mlungu wachiwiri a Kenani anatola sipuling'i m'thireyi ya sikisitini, n'kuiveka pa kandodo kachitsulo, n'kuifinya ndi chala chachikulu. Anaiika pambali.

"Iyi yasochera, ndi fotini," anauza Thompson m'Chingerezi.

Thompson anaiyeza pamakina. Inalidi fotini. Anatola ena khumi mobisa, n'kuwapatsa imodziimodzi, ndipo a Kenani sanaphonye ngakhale imodzi. Kuyambira tsiku limenelo sipuling'i iliyonse yokayikitsa inkapita pa tebulo lawo. Kunyumba ankafotokoza nkhaniyi kangapo, mpaka mwana wawo Tupochile, amene ankamva Chichewa koma n'kumayankha m'Chingerezi, ankaimaliza yekha asanafike kumapeto.

Dzanzi linayamba m'nyengo yozizira ya 2007. Linayambira kuzala za kuphazi, kenako kunsonga za zala za kumanja. A Kenani ankati ndi chisanu. Ankagwira kapu ya tiyi nthawi yayitali asanayambe ntchito, ndipo kumva kunkabwerako pang'ono. Pofika Malichi kunasiya kubwera. Anali ndi matenda a shuga kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankadziwa kuti akangotchula kwa akazi awo, mawu amene akamve sakawafuna. Sanauze munthu. Masipuling'i ambiri ankabwera olekanitsidwa kale m'mathireyi awo, choncho kudontheza penti kokha sikunkafuna zala zakumva. Yokayikitsa ikabwera, ankadikira anthu atembenuke n'kukaiyeza pamakina.

Lachinayi lina m'mawa Annette, mayi amene ankanyamula mathireyi kuchokera ku uvuni wowotchera masipuling'i, anali kukankha ngolo yake polowera m'chipinda cholongedzera. Tayala linakodwa pa mng'alu wa simenti. Mathireyi atatu anatsetsereka pamodzi, ndipo masipuling'i mazana asanu ndi limodzi, opanda penti, anamwazika pansi, ena kugubuduzika mpaka kunsi kwa mashelefu. Annette anagwira pakamwa.

Thompson anatuluka mu ofesi, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ana wotchi. Galimoto yodzatenga katunduyo inkabwera folo koloko. Kamakina koyezera kanali katatumizidwa kukakonzedwa Lolemba, ndipo kanali kasanabwere.

"Usalire, Annette," anatero. "Tili ndi Willie. Pofika nkhomaliro akhala atamaliza."

Anasesera masipuling'i onse m'chidebe chimodzi n'kuwaikira pa tebulo. A Kenani anakonza mathireyi atatu opanda kanthu patsogolo pawo, monga ankachitira kale. Anatola sipuling'i yoyamba, n'kuiveka pa kandodo, n'kufinya. Anaona ndi maso kuti yafupika, koma chala sichinawauze kanthu. Zinali ngati akufinya atavala magolovesi awiri. Anayesa dzanja lamanzere. Anayesa kukankha ndi chikhatho, kenako ndi pamkono, koma pamenepo sipanaphunzirepo ntchito imeneyi.

Anayamba kuwerenga mikombero ya waya, poganiza kuti mwina yolimba ili ndi yochepa. Inali yofanana. Anaika awiri pafupi ndi zenera kuti aone kunenepa kwa waya, koma kusiyana kwake kunali kochepa kuposa tsitsi, ndipo maso awo sanathe. Anapita kubafa, n'kuika manja m'madzi otentha mpaka khungu linafiira. Kutenthako sanakumve bwino. Anapemphera ali chiimire pa sinki, pemphero lalifupi lopanda dongosolo, n'kubwerera.

Annette anawabweretsera tiyi ndi bisiketi. "Zikuyenda?" anafunsa.

"Pang'onopang'ono," anayankha.

Pofika leveni koloko m'mathireyi munali masipuling'i pafupifupi makumi asanu ndi atatu, onse oikidwa mongoganizira. A Kenani anatsegula kabotolo ka penti yofiira, n'kuviika kaburashi. Anakagwira m'mwamba mpaka dontho linagwera pa tebulo. Ankadziwa kuti penti ikangokhudza waya, sipadzakhalanso munthu wokayika. Katumba kadzatsekedwa, kadzawoloka nyanja, ndipo munthu wina wosamudziwa adzaika sipuling'iyo m'mfuti yake pokhulupirira kadontho kofiira. Anatseka botolo. Anathira mathireyi onse atatu m'chidebe muja n'kupita ku ofesi.

"Bwana Thompson, sindingathe."

"Achuluka? Annette akuthandize."

"Ayi. Zala zanga sizikumva." Anatambasula manja pa desiki. Ankaoneka abwinobwino, zikhadabo zowenga, penti pang'ono pa chala cha mkombaphala. "Zinasiya kalekale. Ndinkagwiritsa ntchito makina."

Thompson anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipe. A Kenani akanakonda akanakalipa, chifukwa akanakhala ndi choyankha.

"Bwanji sunanene, Willie?"

A Kenani anachotsa manja pa desiki paja. Thompson anatenga foni n'kuimbira anthu a katunduyo kuti apepese, ndipo a Kenani anaima pomwepo mpaka anawakodola kuti akhoza kutuluka. Galimoto inabwera folo koloko n'kunyamula masipuling'i a zitseko okha. Chidebe chija anachimata pepala lolembedwa kuti munthu asakhudze, ndipo chinakhala pakona milungu iwiri kudikira makina.

Madzulo ake anapeza a Constance akusita yunifolomu m'khitchini. Anawafotokozera zonse ali chiimire, jekete osavula. A Constance anazimitsa simbi, n'kutenga dzanja la amuna awo, n'kulitembenuza.

"Tsinzinani, bambo a Tupo."

Anatsinzina.

"Ndagwira chala chiti?"

A Kenani anadikira. "Mwagwira kale?"

Atatsegula maso anaona chikhadabo cha akazi awo chitakanikiza nsonga ya chala chapakati mpaka kuyera.

"Miyezi ingati?"

"Inayi. Mwina isanu."

"Ine tsiku ndi tsiku ndimayeza mapazi a anthu osawadziwa," anatero a Constance motsitsa mawu, "ndiye m'nyumba mwanga momwe..." Sanamalize. Anayatsanso simbi, koma sanaigwire.

Atapita kuchipatala, dokotala anagunda zala za a Kenani ndi kaulusi kolimba, n'kunena zomwe a Constance ankadziwa kale: shuga wawononga mitsempha, mankhwala angathandize kuti zisapitirire msanga, koma kumva komwe kwapita sikubwerera. A Kenani anafunsa ngati pali opaleshoni. Anafunsa ngati kutentha kwa kwathu kungathandize. Dokotala anapukusa mutu kawiri konse, mwaulemu.

Thompson sanawachotse ntchito. Anawasamutsira kukhomo lotulutsira katundu, kumata makatoni ndi kuwakweza pangolo. Makina atabwera, Annette ndiye anayeza chidebe chija, masiku atatu, imodziimodzi, ndipo tebulo la penti linakhala lake. Nthawi zina ankaiwala, n'kubwera ndi sipuling'i m'manja akuti, "Willie, iyi ukuiona bwanji?" kenako n'kukumbukira ali pakati pa njira, n'kubwerera mwamanyazi.

Lamlungu lina mu Meyi, banja lonse likukonzekera kupita kutchalitchi ku Salford, a Kenani anachedwa kutsika. A Constance anakwera n'kuwapeza ataima pagalasi, malaya oyera ali pathupi, akulimbana ndi batani la pakhosi. Linkawapulumuka osadziwa kuti lapulumuka.

"Basi itisiya," anakuwa Tupochile m'Chingerezi ali pansi.

"Tikubwera," anayankha a Constance. Anachotsa manja a amuna awo pakhosi n'kuwatsitsa m'mbali. "Kwezani chibwano."

A Kenani anakweza chibwano, n'kuyang'ana kudenga, akazi awo akumanga mabatani kuyambira pamwamba mpaka pansi.