Waya Wodumpha Msewu wa ku Bowe

"Mapolo awiri akwana, mayi," anatero a Gideoni, kapitawo wa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Bowe. "Ndinayamba kukoka mawaya inu musanabadwe."

Ankauza Faines, mtsikana woyang'anira ntchito ya magetsiyo. Anali atawerama pa kompyuta ya mu ofesi, yokhayo m'dera lonselo. Waya wa magetsi ankayenera kuchoka kuchigayo, kudumpha chigwa ndi msewu, kukafika pa pampu ya madzi kutsidya. Nkhani inali imodzi: akalendewera pakati, atsika mpaka pati?

Waya wolendewera ali ndi masamu ake, otchedwa cosh. Faines sanavutike kuwapanga yekha, poti m'chinenero cha makompyuta cha C chimene anaphunzira ku Zomba analimo kale, ongoitana. Analowetsa kutambalala kwa chigwa, kulemera kwa waya, ndi mmene amatanukira dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo. Makinawo anayankha kuti mamita anayi ndi theka pamwamba pa msewu.

"Lole yodzaza mabelo a fodya ndi mamita anayi," anaseka a Gideoni. "Ngakhale bokosi lanuli landivotera. Mantha achabe amenewa!"

Faines anachita manyazi, koma mtima sunakhale pansi. Anawakakamiza kuti ayambe amanga chingwe wamba, chitsike monga makina ananenera. A Gideoni anamanga akung'ung'udza.

Masana lole ya esiteti inatulukira, ulendo wa ku Madisi. Pamwamba pa mabelo panali matenanti monga mwa masiku onse, ena ndi nkhuku, ena ndi ana odwala. Lole yopanda anthu pamwamba ndani anaionapo kuno? Koma onse awiri anali atawerengera mabelo okha.

"Weramani!" anakuwa Faines.

Anthu anagwa chafufumimba. Mayi mmodzi anachedwa, ndipo chingwe chinakokolola duku lake n'kulisiya likulendewera pamwamba pa msewu. Anali a Lidia, akazi awo a Gideoni.

Faines anathamangira ku ofesi. Mu kompyuta muja anawonjezera polo yachitatu pakati, m'mbali mwa msewu, naitananso cosh. Mamita asanu ndi awiri. Pobwerera anatenga khasu yekha, atatsimikiza kuti a Gideoni akakana, akumba dzenje la poloyo ndi manja ake.

Anawapeza a Gideoni ali chiimire pamsewu, duku lija lili m'manja. Analipinda bwinobwino, naliika m'thumba, kenaka anamulanda khasulo.

"Ndilozereni, mayi. Dzenjelo likhale pati?"