Mkono wa a Tsurumaki

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo nyengo yozizira yonse ija ndinaithera kugwa ngati thumba la mpunga pa chitunda chachikulu cha chipale chofewa cha ku Kurohae. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, saburoku: kulumpha, kuzungulira kamodzi kathunthu m'malere, n'kutera bolodi, thabwa lotsetserekera lomangidwa kumapazi, ili chowongoka. Ana a sukulu amachita zimenezi akutafuna chingamu. Ine ndinkafika theka n'kubwera pansi ndi matako.

"Achemwali, mutuwo!" ankakuwa Naotaka, mlongo wanga wamng'ono, yemwe anadzipatsa yekha udindo wondiphunzitsa. "Maso atsogole, thupi litsatira. Inu mukuyang'ana pansi ngati mwataya kiyi."

"Khala chete iwe. Matewera ako ndinkachapa ndine."

Ukaima pamwamba poyambira, umaona pokwerera chitunda, koma kuseri kwake komwe munthu amakatera suona. N'chifukwa chake wina amaima pambali pa chitundacho. Akapanga mkombero ndi manja pamwamba pa mutu, ndi maru: kulibe munthu, bwera. Akapingasa mikono, ndi batsu: ima pomwepo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ine sindinadikire chizindikiro. A Tsurumaki, bambo amene ankasalaza chipale cha pa chitundacho ndi reki, anali atawerama kuseri. Bolodi yanga inawapeza paphewa lamanja, ndipo mkonowo sunakwerenso kupitirira phewa. Ntchito sanasiye. Maru ndiyo anasiya. Kukakhala kulibe munthu ankangokweza reki m'mwamba. Batsu yawo inasanduka yopindika: mkono wamanzere utakhota pamwamba pa mutu, wamanja ukulephera kuupeza, n'kungogona pachifuwa. Mlendo akaona ankati ndi maru yaulesi.

Ine kupepesa sindinapepese. Mayi anga anatumiza bokosi la maswiti kuchipatala, ine ndinabisala. Zaka zonsezo ndinkawadutsa nkhope ili m'magalasi akuluakulu otchinga maso, manyazi akundidya. Anamwalira kunyumba kwawo ndi matenda a mtima, chilimwe, nyengo yozizira ija isanayambe. Kumaliro sindinapite.

Tsiku lomwe ndikunenali linali la mu Malichi, titangodya chamasana. Chifunga chinatsika phiri mwakachetechete, moti mipando ya pa chingwe yokwezera anthu kuphiri inkatuluka m'kuyerako yopanda anthu n'kulowanso. Nyimbo za pa zokuzira mawu zinali zitazima. Antchito a pamalopo anali atakwera kukatseka njira zakumtunda.

"Tibwerere," ndinatero.

"Aa, kamodzi kokha. Lero mukhoza, ndaona m'mapewamo. Nditsogole ine, ndikaima pambali ndikupatseni maru."

Anatsetsereka. Ndinaona jekete lake likukwera chitunda, likuzungulira, kenako zii. Sindinamve ngakhale kugunda kwa bolodi potera, koma chifunga chimameza phokoso, ndiye sindinadandaule.

Kumbuyo kwanga kunafika bambo wina wa jekete lofiira, mlendo, kalankhulidwe ka ku Tokyo. Anaima akupumira m'khosi mwanga.

Patapita kanthawi, pambali pa chitunda panaoneka munthu. Nkhope sinkaoneka, mtundu wa zovala sunkaoneka, chithunzithunzi chotuwa basi. Anakweza mkono pamwamba pa mutu.

"Maru iyo," anatero wa jekete lofiira. "Mayi, tiyeni nazoni."

Ndinatembenuza bolodi kuloza kumunsi. Ndinali nditayamba kale kuyenda, mawondo nditapinda, mumtima ndikubwereza kuti maso atsogole, maso atsogole. Ndiye ndinakweza maso monga anandiphunzitsira Naotaka, n'kuyang'anitsitsa munthu uja. Mkono wokwera unali umodzi. Winawo unagona pachifuwa.

Mayo ine! Ndinadziponya pansi chammbali, bolodi n'kupingasa njira yonse.

"Mwatani kodi?" Bambo uja anatsika mpaka pomwe ndinali. "Ngati mwachita mantha, ndipatseni njira."

"Simudutsa."

"Mayi inu, si maru iyo? Mnzanuyo watopa kuimika mkono."

Anayamba kundilambalala. Ndinamugwira mwendo wa buluku ndi manja onse awiri, mpaka naye anakhala pansi, phi!

"Mwapenga eti? Ndisiyeni!"

"Ndi batsu imeneyo."

"Batsu yotero munaiona kuti?"

"Mkono umenewo ndinathyola ndine," ndinatero. Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga.

Sindikudziwa chomwe anaona pankhope panga, koma anasiya kulimbana. Tinatsika limodzi pang'onopang'ono, chammbali, kulambalala chitunda. Pomwe panaima munthu paja panalibe munthu. Chipale chinali chosalala, chopanda phazi ngakhale limodzi.

Naotaka anali kuseri, pakatikati penipeni potera, atagona chafufumimba, mutu utakhotera kumbali. Pomwepo ndi pomwe bolodi yanga ikanafikira, ndi kulemera kwanga konse. Ndinavula golovesi n'kuika chala pamphuno pake. Ankapuma.

"Musamugwedeze khosi!" anatero bambo uja. Anaimbira foni opulumutsa anthu, kenako anathamangira pambali pa chitunda n'kupingasa mikono yake iwiri yabwinobwino, kuopa kuti wina angabwere.

Ndinatsala ndekha ndi mlongo wanga. M'pamene ndinamva. Kwee. Kwee. Reki ikukanda chipale, chapafupi, kumanja kwanga. Kukoka kwakufupi, kupuma, kukokanso, mmene amakokera munthu wa dzanja limodzi. Sindinaone kanthu, koma pansi, pafupi ndi nsapato za Naotaka, panali mizere yatsopano ya mano a reki, yokhotera mbali imodzi.

Ndinachita mantha, ndisaname. Komabe ndinavula magalasi aja, ndinagwada, n'kugunditsa chipumi pa chipale.

"A Tsurumaki, ndine Fumie. Ndine ndinakugwerani. Pepani. Pepani kuti ndachedwa."

Reki inaleka. Kenako china chake chozizira chinandikhudza paphewa lamanja, mopepuka, mmene munthu wamkulu amakugwirira akamakudutsa pakhomo. Posakhalitsa ndinamva injini ya opulumutsa ikukwera.

Naotaka anathyoka fupa la m'khosi. Dokotala anati likanagundidwanso pang'ono pokha, bwenzi tikunena zina. Anakhala miyezi itatu m'chomangira khosi, ndipo lero akuyenda, pakamwa pali pomwe paja.

Ine m'mawa mwake ndinalephera kupesa tsitsi. Mkono wamanja unafika paphewa n'kukana. Andijambula kawiri kuchipatala ku Nagaoka, akuti fupa lili bwino, mitsempha ili bwino, palibe chomwe akuona. Saburoku imafuna mikono yonse iwiri, ndiye inathera pomwepo, sindidzaikhozanso.

Chisanu chino ndapempha ntchito pa chitunda chomwecho. Anandipatsa reki yakale yomwe inali m'shedi, ya mpini wotha mbali imodzi. Sabata yatha Naotaka anabwera kudzandiona, anaima poyambira n'kukuwa.

"Achemwali! Imeneyo ndi maru kapena batsu? Yapindikatu!"

Ndinangousiya mkono wamanzere m'mwamba, wamanja uli pachifuwa, chifukwa kuseri kunali mayi wina amene anagwa, akudzuka.