Buku Limene Atelala Anasita

Mvula inagwa masana kunyumba kulibe munthu. Atelala atabwera kuchokera pakhonde la sitolo pamene ankasokera, anapeza denga ladontha pamalo omwe aja ankati akonza kuyambira chaka chatha. Madzi anadonthera patebulo, ndipo patebulopo panali buku la mwana wawo.

Silinali buku wamba. Linali lalikulu ngati pilo, la mapepala okhuthala, lopanda inki. Zilembo zake zinali timadontho totukuka timene anthu osaona amawerenga ndi nsonga za zala. Munali mbiri ya dziko lawo. Pasukulu yonse buku lotere linalipo limodzi lokha, ndipo ana asanu ndi mmodzi osaona ankasinthana, aliyense mlungu wake. Mlungu umenewu unali wa mwana wa Atelala, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Malemu mayi ake ankamutcha Kafunso chifukwa mafunso sankamuthera pakamwa. Kunali kutatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe.

Kafunso anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atadwala kwambiri. Kuyambira pamenepo mayi ake ndiwo ankamuwerengera mabuku, buku lili pamwendo, manja akusokerera mabatani pa malaya amene amuna awo asoka. Phunziro limene awiriwa ankalikonda linali mbiri ya dziko. Tsiku lina anafika pa mutu wonena za mmene dziko linapezera ufulu wodzilamulira. Mayiwo anaima pakati, nati, "Mutu ukundipweteka, tidzamaliza mawa." Mawa lake anawagoneka m'chipatala, ndipo sanabwereko.

Atelala anatsekera buku la akazi awo m'sutikesi pamodzi ndi zovala zawo. Panapita miyezi khumi. Tsopano Kafunso anali atafika pa mutu womwewo yekha, ndi zala zake. M'mawa wa tsikulo, akutenga ndodo yake yoyera, anali atanena kuti, "Ababa, lero ndikaweruka ndimaliza pamene amayi anasiyira."

Atelala anatsegula bukulo. Masamba khumi ndi awiri apakati anali atanyowa, akwinyika ngati malaya ochokera m'beseni. Anawayang'ana nthawi yaitali. Munthu amene watha zaka makumi awiri akuwongola makwinya amadziwa njira imodzi yokha. Anakoleza makala, nawathira mu simbi. Anayala kansalu koyera pamwamba pa tsamba, monga amachitira ndi suti ya munthu wolemekezeka, nayamba kusita. Tsamba lililonse linatuluka louma, lowongoka, losalala kuti see. Anaona kuti timadontho tija tagona, koma sanade nkhawa. Ubweya wa nsalu nawonso umagona pansi pa simbi, kenako umadzuka.

Kafunso atafika anasamba m'manja, nawapukuta bwinobwino, nakhala patebulo. Zala zake zinayenda pa tsamba loyamba, lachiwiri, kenako zinaima. Zinabwerera m'mbuyo. Zinatsegula tsamba lina, ndi linanso.

"Ababa, buku ili wagwira ndani?"

Kafunso anayandikitsa bukulo kumphuno.

"Likununkha makala."

"Linanyowa. Ndaliumitsa."

"Mwasita?"

"Pang'ono."

Mwana uja anayendetsa chikhatho chonse pa tsambalo, pang'onopang'ono, ngati akufuna ndalama yotayika mumchenga. "Mulibe kanthu muno, ababa. Mwafufuta."

"Tidzuka timadonthoto. Likazizira."

"Sitidzuka." Mawu ake anali otsika. "Ndipo si langa ndekha. Lolemba ndiyenera kupatsa mnzanga."

Sanalire. Anatseka buku, nalowa kuchipinda. Atelala akanakonda mwanayo akanalira.

M'mawa mwake pakhonde la sitolo makina awo ankayenda moimaima. Mnzawo wokonza nsapato, amene ankakhala pambali pawo ndi mulu wake wa zidendene, anawayang'ana cham'mbali.

"Achimwene, makina anu lero akulira ngati ali ndi ngongole ya tulo. Kwagwanji?"

Atelala anafotokoza m'mawu ochepa. Wokonza nsapato anaseka mpaka msomali unagwa pakamwa pake. Ataona nkhope ya mnzake anasiya.

"Pepani. Koma inunso, achimwene! Tsiku lina mudzasita nkhope ya apongozi anga. Pitani kusukulu mukanene."

"Ndikonza ndekha."

"Mukonza ndi chiyani?"

"Ndaononga ndine."

Loweruka anatenga singano yaikulu, natembenuza tsamba, nayamba kubaya kumbuyo kwake paliponse pamene ankaona kachizindikiro ka dontho. Anagwira ntchitoyo m'mawa wonse mpaka maso anachita mdima. Kafunso atagwira tsambalo anachotsa dzanja msanga.

"Apa mwangoboola. Sipakuwerengeka." Anatseka bukulo. "Ababa, lisiyeni. Ndikauza aphunzitsi kuti ndine ndinalitayira madzi n'kuliika pansi pa matiresi. Akandiletsa kubwereka, basi. Inu musavutike."

Atelala anaika singano pansi. Mwana wawo anali wokonzeka kunama, ndi kutaya buku lokhalo limene ankatha kuwerenga yekha, kuti bambo ake asachite manyazi.

Lolemba sanatsegule makina. Anavala jekete, nakulunga buku mu nsalu, natsagana ndi mwana wawo kusukulu.

Chipinda cha ana osaona chinali kumapeto kwa khonde lalitali. Munali mashelefu awiri, ndi kamakina kachitsulo kolembera timadontho, kokhala ndi mabatani ochepa. Aphunzitsi anali mayi wachikulire, nawonso osaona. Anauza Kafunso kuti apite m'kalasi, nalandira bukulo. Analitsegula pakati, naligwira, nalinunkhiza.

"Simbi yamakala," anatero. "Munayalapo kansalu?"

"Ndinayala."

"Ntchito yaukhondo. Likanakhala diresi langa ndikanakuthokozani." Anafika pa tsamba loboola lija, napumira m'mwamba. "Apa ndiye munabwera ndi singano. Khalani pansi, bambo."

Atelala anakhala, chipewa chili m'manja.

"Si inu oyamba. Kholo lina linasanjikapo thumba la simenti. Agogo ena ankakhalira ngati mpando. Cholakwa n'chathunso, timapereka buku kwa mwana osaphunzitsa a kunyumba. Ndiye mvetserani. Buku lotere siligonekedwa pansi pa katundu, limaimikidwa chilili. Likanyowa mulitsegule, muliike pamthunzi podutsa mphepo, liume lokha. Likwinyike, palibe kanthu, zala zimawerenga pamakwinya. Chikaonongeka china, bwerani tsiku lomwelo. Mukanabwera Lachisanu, bwenzi pano tili pakati pa ntchito."

"Likonzeka?"

"Masamba awa afa. Koma ena angalembedwe. Kulaibulale yaikulu m'tauni kuli chigawo cha anthu osaona. Amasindikiza mabuku a timadontho, ali ndi a zilembo zikuluzikulu a ana oona pang'ono, ndiponso ena ojambulidwa mawu oti n'kuika mufoni. Ndakhala ndikupempha ndekha mabuku ena a mbiri. Makolo mukasaina nawo kalata, amamva msanga. Koma zimenezo zitenga nthawi, ndipo ana asanu akudikira buku ili mayeso asanafike. Masamba khumi ndi awiri ndingalembe pa kamakina aka. Chimene ndikusowa ndi munthu wondiwerengera kuchokera m'buku la inki. Muli nalo kunyumba?"

Atelala anazungulitsa chipewa chawo. "Lilipo. La malemu mayi ake."

"Bwerani nalo mawa, ana akaweruka."

"Ine kuwerenga mokweza sindimatha."

"Ine kuona sindimatha, koma ndabwera kuntchito. Mawa, bambo."

Masana a tsikulo anatsitsa sutikesi ija pamwamba pa kabati. Fungo la sopo wa akazi awo linali likadalimo. Buku linali pansi pa bulauzi yobiriwira. Pakati pake panatuluka ulusi wofiira, pamene mayiwo anasiyira. Atelala anakhala pabedi, buku lili m'manja, mpaka mthunzi wa zenera unasuntha.

Anapita masiku atatu otsatizana. Tsiku loyamba anawerenga pang'onopang'ono. Atafika pamene panali ulusi anaima. Aphunzitsi sanawafulumize, anangosiya zala zili pa mabatani.

"Pitirizani pamene mwakonzeka," anatero.

Anapitiriza. Ankawerenga mzere umodzi, kamakina n'kulira kuti kha kha kha, iwo n'kuwerenganso wina. Kafunso ankadikira panja pakhonde. Aphunzitsi atamuitana kuti adzamvetsere anakana. "Ndikufuna ndidzawerenge ndekha, madamu."

Tsiku lomaliza panatsala tsamba limodzi.

"Apa panali mapu a dziko, a mizere yotukuka," anatero aphunzitsi. "Awa kamakina kanga sikangathe. Ana angomva pakamwa basi."

Atelala anayang'ana mapu a m'buku la akazi awo. Anaona malire okhotakhota, mitsinje, njanji, timadontho ta matauni.

"Aakulu bwanji?" anafunsa.

"Oti manja awiri a mwana akwanepo."

Lachisanu makina analira tsiku lonse pakhonde la sitolo osapuma. Anadula nsalu yolimba ya jinzi. Malire anasokerera chingwe chokhuthala. Mitsinje anaika riboni yoterera, mapiri tizigamba ta bulangete, njanji zipi wakale. Matauni anali mabatani.

"Achimwene, nanga chovala ichi mutu ulowera pati?" anafunsa wokonza nsapato.

"Ndi dziko."

"Dziko? Ndiye musalisite."

Atelala anatsala pang'ono kuseka.

Loweruka m'mawa Kafunso anasamba m'manja, nakhala patebulo, limene tsopano linali kutali ndi podontha paja. Aphunzitsi anali atamangirira masamba atsopano m'buku. Zala zake zinapeza mzere, ndipo anayamba kuwerenga mokweza. Anadutsa pamene mayi ake anasiyira osaima. Anawerenga za anthu amene anamangidwa, amene sanabwerere kwawo, ndi za tsiku limene mbendera yatsopano inakwezedwa. Atamaliza anasiya manja ali pa tsamba.

"Kani zinatha choncho," anatero.

Atelala anamuyalira nsalu ija. Mwana anatsata chingwe kuzungulira dziko lonse, natsika ndi mtsinje, nakwera ndi njanji. Ankafunsa dzina la batani lililonse, bambo ake n'kumayankha. Chakumtunda chala chake chinaima pa kabatani kosiyana ndi ena, kokhala ndi timizere ngati duwa. Anakazungulira kawiri.

"Ili ndi la pabulauzi ya amayi. Yobiriwira ija."

"Ee."

"Ndi pati pamenepa?"

"Kumene anabadwira."

Apa ndi pamene Kafunso analira. Atelala anaika dzanja lawo pamwamba pa lake, ndipo onse awiri anakhala choncho, atagwira batani limodzi.

Lolemba buku linapita kwa mnzake uja, mapu ali mkati. Posinthana masiku awiriawiri, ana onse asanu ndi mmodzi analiwerenga mayeso asanafike, ndipo Kafunso anakhoza bwino phunziro la mbiri. Atelala anayenda khomo ndi khomo kwa makolo a ana enawo ndi kalata ya aphunzitsi. Sankalankhula zambiri, ankangopereka cholembera n'kuima pomwepo mpaka munthu asaine. Chaka chisanathe, laibulale inatumiza mabuku ena atatu a timadontho ndi mawu ojambulidwa a buku lonse. Denga lija analikonza. Anakhomanso kashelefu pakhoma louma, pamene mabuku a Kafunso amaima chilili.

Mwana wosaona ndi mwana wa dziko lino ngati wina aliyense, ndipo ayenera kudziwa mbiri yake podziwerengera yekha. Makolo, funsani kusukulu ndi kulaibulale za mabuku a timadontho, a zilembo zikuluzikulu ndi ojambulidwa mawu, ndipo ngati palibe, apempheni pamodzi ndi makolo anzanu. Buku likafika pakhomo panu, funsani kasamalidwe kake. Musalitsindire, musalisite, ndipo likaonongeka musabise. Kanenani tsiku lomwelo, chifukwa pali mwana wina amene akulidikira.