Nkhumba mu Firiji ya Yotamu

Anastasia atatsegula firiji, anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Pamwamba pa zidebe zitatu za juwisi wa malambe panali mwendo wa nkhumba, wotsala pa maliro a mwamuna wake Yotamu, amene anaikidwa dzana. Magazi anali atadonthera m'zidebemo n'kuundana ndi ayezi.

Ntchito ya Yotamu pa Nkaya inali imeneyi. Ankaika juwisi mu firiji mpaka madzi ake aundane pamwamba, kenako n'kupopa wamphamvu wotsala pansi ndi kapampu kamanja, kuthira m'mabotolo. Zidebe izi zinali za Latifu wagolosale, amene makasitomala ake ankamwa juwisi ameneyu pomasula kusala kudya m'mwezi wa Ramadani.

Amene anaika nyamayo anali Hilary, mkulu wake wa malemu, ndipo manyazi analibe ngakhale pang'ono. Akuti nanga nyama iwole firiji ilipo? Anatenga pampu, nalowetsa paipi m'chidebe, uku akufotokoza ngati katswiri, munthu woti ntchitoyi sanaigwirepo ndi tsiku limodzi lomwe.

"Magazi ali mu ayezi, alamu, ndipo ayezi amatayidwa. Wapansiyu ngwabwinobwino. Adziwa ndani? Mukamutaya Latifu, ana muwadyetsa chiyani?"

Pa za anazo ankanena zoona, ndipo n'zimene zinamunyansa Anastasia koposa. Wogula wina wamkulu analibe. Anangoima, mpaka anaona kamzere kofiira kakukwera m'paipi muja. Apo anamulanda pampuyo.

Latifu anafika masana ndi makireti panjinga. Hilary anayesa kutsinzina diso, kutsokomola, koma Anastasia anaulula zonse, maso ali pansi. Latifu anakwinya nkhope, nalavulira kumbali. Anati juwisiyo sangamutenge, ndipo za firijiyo akafunsa kaye akuluakulu a kumzikiti. Hilary anachoka akung'ung'udza kuti mkazi uyu wautaya yekha mphika.

Anastasia ankadikira kumva njinga ikuchoka. M'malo mwake Latifu anapinda manja a malaya, nakhala pakhonde, nayamba kumasula pampu ija chidutswachidutswa. Anapempha beseni ndi dothi loyera la kuseri kwa nyumba.

"Amuna anu asanandigulitse botolo loyamba, anabwera kwathu ndi pampu iyi kudzafunsa mmene ife timatsukira chinthu chodetsedwa," anatero Latifu. "Palibe anawatuma. Tungani madzi, mayi. Timatsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi."