Akamwini pa Khoma la Linga

Amayi anabwera ku Perth kudzandithandiza nditabereka Nicole, kenako korona inatseka malire, basi anakhalira konkuno. Amene anaona zakuda ndi amuna anga, a Overstone. Iwowo mwambo wa kwathu anabwera nawo wonse: apongozi suwayang'ana kumaso, sudya nawo pamodzi, suwakhudza. M'kanyumba kathu ka ku Joondalup, Amayi akalowa pabalaza iwo ankathawira kugalaja. Ine ndikapita ku ntchito kuchipatala, Amayi ankangokhala duu tsiku lonse, wocheza naye palibe. Zinkandiwawa, ndisaname.

Boma litalola anthu kuyendayenda, tinapita kukakwera kaphiri ka m'mbali mwa nyanja komwe kuli mabwinja a linga lakale la asilikali. Palibe analikonzapo: makoma ogumuka, zitsulo zadzimbiri, tchire paliponse. Tinkayenda pamwamba pa khoma lalikulu. A Overstone, poti ndi katswiri wa miyala kumigodi, anatsogola, n'kumafotokoza mokweza atatifulatira, kuti Amayi amve koma nkhope zisakumane.

Mwadzidzidzi mwala unagumuka pomwe anaponda. Anatsala lende atagwira chitsulo, miyendo ili m'malere. Pansi sipanali patali kwenikweni, koma panali zitsamba zaminga zokhazokha.

"Edda, kaitane anthu!" anandikuwira a Overstone.

"Anthu ake ati? Tili tokha kuno," ndinatero. Ine ndinali ndi Nicole kumsana, ndiponso ndinali ndi pakati pena.

Amayi anakhala pansi mosapupuluma, anakonza chitenje, n'kutambasula dzanja.

"Gwirani apa, bambo a Nicole."

"Iyayi Amayi, sizingatheke," anayankha akuyang'ana kumbali. "Komanso paja malamulo a korona..."

Koma abale! Korona, anthu ogona m'nyumba imodzi?

"Chabwino," anatero Amayi. Anabweza dzanja, anatulutsa nthochi m'chikwama n'kuyamba kusenda. "Edda, kodi nyanjayi ili ndi nsomba zanji?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Zala za amuna anga zinayamba kuterereka, thukuta lili kamukamu.

"Amayi..."

"Mukuitana ine kapena tchirelo? Ine nkhope yanga ili kuno."

A Overstone anadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso. Amayi anataya nthochi, anawagwira pamkono ndi manja onse awiri n'kuwakoka ngati thumba la chimanga. Manja olima si masewera.

Atakhala pakhoma akupuma wefuwefu, anafuna kuchotsa dzanja lawo msanga. Amayi anagwiritsitsa.

"Mwana wanga, ulemu wanuwo ndauona, ndipo wakwana. Koma kuno ndilibe mnansi, ndilibe mnzanga wopita naye kuchigayo. Mukamandithawanso inu, ndizicheza ndi firiji?"

Misozi inalengeza m'maso mwa a Overstone, mwanganso chimodzimodzi.

"Pepani, Amayi."

"Pepani wa chiyani? Tiyeni, munditsitse phiri. Mawondo angawa atopa."

Awiriwo anagwiranabe manja mpaka tinafika pagalimoto.