Amuna Awiri a Mwaye

Ndinafika kwa alangizi a ziweto thukuta lili kamukamu, mphaka wanga ali m'dengu pakaliyala, akulira ngati wapanidwa ndi chitseko.

"A Mateyu, thandizeni! Mwaye wanga amudyetsa tameki!"

Atavundukula dengulo, Mwaye analumphira pansi, nagwetsa chifuwa, matako m'mwamba, mchira wapotokera kumbali. Kenako anayamba kugubuduzika pafumbi. A Mateyu anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Madamu, si inu mumaphunzitsa sayansi pasukulupa? Uyu sakudwala ayi. Akufuna mwamuna."

Ndinasowa poloza maso. Ine Akuzike wa ku Ntcheu, zaka zisanu ndikuphunzitsa ana a ku Hewe za kuberekana kwa nyama, koma za mphaka wa m'nyumba mwanga osazidziwa!

Amunawo sanachedwe. Woyamba anali woyera mbuu, wa aNyaGondwe, eni nyumba imene ndinkakhala. Ndinawaona amphaka awiriwo kuseri kwa chigafa cha fodya, dzuwa likuswa mtengo. Anamuluma Mwaye pakhosi kumbuyoku, namupanikiza, ndipo ndisanaphethire kawiri zinali zatha. Mwaye anakuwa, natembenuka, n'kumuwaza mnzakeyo khofi la zikhadabo. Chikondi chake chimenecho! Mawa lake kunabwera wamizeremizere, wa aNyaMhango, amene ankandilerera mwana wanga Kezia ine ndikakhala m'kalasi. Nayenso analandira khofi lake, napita.

Apa m'pamene panali mlandu. Amayi awiriwa anakwatiwa pakhomo limodzi, amuna awo pachibale, koma anali atatha zaka zitatu osapatsana moni chifukwa cha mtengo wa mapeyala wa m'malire. Tsono kuno mwini nkhumba yamphongo ndiye amayamba kusankha mwana, ndipo iwo anagamula kuti lamulolo likhudzanso amphaka.

"Ndinaona ndi maso angawa," anatero aNyaGondwe bere litayamba kuoneka. "Akaswa, mudzanene poyera kuti bambo ndi wanga."

ANyaMhango anandiuza zawo akundipatsira Kezia kumsana. "Chona wawo uja ndi nkhalamba chomene, madamu. Angabereke chiyani? Inu musadzandichititse manyazi."

Onse ndinangowavomera kuti yewo. Ndikakana uyu ndisowa pogona, ndikakana uyo ndisowa wondigwirira mwana. Komanso ndisabise, onse awiri ndinkawakonda. Ndi amene anandichotsa chilendo m'dziko la eni.

Ndinabwerera kwa a Mateyu, ulendo uno wopanda dengu.

"Mphaka wamkazi satulutsa mazira mpaka atakweredwa," anandifotokozera. "Tsono akakumana ndi amuna awiri masiku omwewo, bere limodzi likhoza kunyamula ana a onse awiri."

"Likhoza?"

"Likhoza, madamu. Sindinati ndikulonjeza."

Ndinagwira mawu amodziwo mwamphamvu. Sindichita manyazi kunena kuti Lamulungu lina, anzanga akupempherera mvula, ine ndinkapempherera mimba ya mphaka. Nthawi yonseyi Mwaye ankangonenepa, poti aNyaGondwe ankamubweretsera usipa m'mawa, aNyaMhango mkaka masana, aliyense mozemba mnzake.

Patatha masabata asanu ndi anayi, Loweruka m'mawa ndikusesa, ndinamva timawu tating'ono pansi pa bedi, m'katoni ya makope akale. Ndinagwada kuti ndisuzumire, koma mantha anandigwira, ndinadzukanso. Ndinati kaya zikhala bwanji, adzionere okha. Ndinaima pakhonde n'kufuula kamodzi kokha.

"Waswa!"

Anatulukira uyu uku, uyu uku, wina manja ali ndi thovu la sopo. Pakhomo anapanikizana osayang'anana. Tochi inali imodzi, ndipo bedi langa ndi lalifupi, kotero anachita kugona chafufumimba n'kulowetsa mitu.

Ine ndinangogwira tsache, ndikudikira.

"Wakuda," anayamba kuwerenga aNyaGondwe. "Wakudanso. Eee! Woyera uyo! Ndinanena ine!"

"Walitsani uku," anatero aNyaMhango. "Uku, kumimbaku. Nanga uyu wamizereyu ndi wa ndani?"

Kenako ndinamva mawu a aNyaGondwe, otsika, ngati akuopa kudzutsa khanda.

"Koma wanuyu ngwonenepa chomene, aNyaMhango."

"Wanuyo naye taonani mmene akuyamwira. Dyera ngati agogo ake."

"Agogo ake ati?"

"Inuyo!"

Bedi linayamba kugwedezeka. Ndinkangoona miyendo inayi itatulukira kunja, zidendene zong'aluka zikumenya pansi ndi phwete, tochi ikuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo. Kezia anabwera chokwawa, nadzipanikiza pakati pawo, ndipo onse awiri anasendera kumupatsa malo.