Wosainira Keziah ku Chelstone

Keziah ankakhala ku Kabwata, pafupi ndi chipatala moti ankamva kulira kwa ana obayidwa katemera. Koma mu 2005, atauzidwa kuti ayambe kumwa ma ARV, anakwera mabasi awiri mpaka kuchipatala cha ku Chelstone, kumene ankati kulibe womudziwa.

Namwino anaona khadi lake, kenako anasuzumira kumbuyo kwa Keziah.

"Wokuthandizani ali kuti?"

"Nabwela neka, ba sisita."

"Lamulo mukulidziwa. Wina asaine kuti azikukumbutsani kumwa. Popanda iye, mankhwala sindipereka."

Aka kanali kachitatu kubwezedwa, ndipo siketi yake inali itayamba kugwiridwa ndi phini chifukwa cha kuwonda. Za matendawa anali asanauze munthu, ngakhale mlongo wake. Anatuluka n'kukhala pabenchi, atatsimikiza mtima kuti lero sakwera basi chimanjamanja.

Ali pomwepo anaona chitenje chobiriwira chimene ankachidziwa bwino, chifukwa chinkayanikidwa pachingwe chake popanda kupempha. Mwini chitenjecho anali amake Chiti, a khomo loyandikana nalo, ndipo chikanganirane za chingwecho sankapatsana moni. Mayiwo anali atabisa nkhope ndi khadi lofanana ndi la Keziah.

Mtima unati thawa. Koma Keziah anaimirira, n'kukakhala pambali pawo.

Anawapatsa moni: "Shani, amake Chiti. Kabwata yonse yasamukila kuno?"

"Nabwela kuona m'bale wanga."

"Na ine nabwela kugula nsomba za kapenta. Bakubwezani kangati?"

Khadi lija linatsika pang'onopang'ono.

"Kawili."

"Ine katatu. Nyamukani. Imwe musaina yanga, ine nisaina yanu."

"Iwe? Na kamwa yako ija?"

"Nikaulula yanu, na imwe muzaulula yanga. Nindani wina angatisungile chinsinsi kuchila apa?"

Analowa limodzi. Namwino anawerenga makadi onse awiri, naona manambala a nyumba otsatizana, ndipo anavula magalasi.

"Mumagwirizana inu?"

"Awe," anayankha onse pamodzi.

"Nanga muzikumbutsana bwanji?"

"Ba sisita," anatero amake Chiti, "uyu nikachedwa kutsegula chitseko kuseni, amaziba. Nikapseleza ndiwo, amaziba. Nanga piliisi ya mankhwala ndiye ingamupite?"

Namwino anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anatulutsa mafomu awiri ndi cholembera chimodzi. Manja awiri anatambasuka, koma Keziah ndiye anachigwira poyamba.